Nkhope ya Felesiya Pakhoma la Pamalire

Iwe Tadala ndi iwe Yohane, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake mayi aliyense wodwala m'zithunzi zanga amafanana ndi ine. Ndinkangoseka. Tsopano dzanja layamba kunjenjemera, pensulo ndaisiya, ndiye ndati ndilembe nkhaniyi ndisanayambe kuiwala. Za ubwana wanga sindinena, mukuzidziwa kale kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 7, ndi kuti chimene aphunzitsi ankandikwapulira chinali kujambula m'mphepete mwa kope. Ndiyambira pa ntchito.

Chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate

Ntchito yanga yoyamba inali yolemba zikwangwani pamalire a Mwanza. Nthawi imeneyo aliyense ankatsegula kake, uyu kogulitsira tiyi, uyu kometera, uyu kokonzera njinga. Wa nyama ndinkamujambulira mbuzi, wa tiyi kapu ndi sikono. Zikwangwani zikasowa ndinkakhala m'mbali mwa msewu ndi singano yanga, kuluka madoilo ndi tizipewa ta makanda, iwe Tadala uli kumbuyo, ndi dzino limodzi lomwe usanamere. Bambo anu ankanyamula katundu wa amalonda panjinga kuchokera ku Zobue, tsidya la Mozambique.

Tsiku lina galimoto yoyera inaima pa kometera. Munatuluka bambo wa tayi, nkuima, nkumayang'ana mitu imene ndinajambula pachikwangwani. Ndinamva akufunsa kuti wajambula ndani, wometa uja nkuloza ine. Ife amene tinakula kale lija, galimoto yoyera ikakufunsa dzina sunkasekerera ayi. Ndinakumangitsa kumbuyo, maso ali kunjira yothawira.

"Mayi, musaope, si apolisi ife," anatero bamboyo. "Ndine Chabwera, ndimagwira ku bungwe la zaumoyo. Mitu iyi mwakopera m'buku lanji?"

"Si m'buku ayi, bwana. Ndi m'mutu mwangamu."

"Wojambula wathu wa ku Blantyre amatipatsa azungu opakidwa mwaye. Amayi kumudzi akaona amangoseka. Koma awa ndi anthu ndithu awa!"

Sanadziwe kuti ananena zoona kuposa mmene ankaganizira. Inali mitu ya anthu enieni, amene ankameta pomwepo. Ine kupeka nkhope sindinkatha. Dzanja langa linkangotsata chimene maso aona. Ndikamuyang'ana munthu kamodzi, mmene khutu lakhalira, mmene mlomo umagwera akatopa, basi ndamutenga, ali m'mutu. A Chabwera anali a ku Blantyre, sankadziwa aliyense kwathu kuno, ndipo ine sindinaone chifukwa chowauzira. Ndinkaona ngati aliyense wojambula amatero.

Dzinja la chaka chomwecho, kwa Kanduku ndi kwa Nthache

Ntchito inali yojambula makadi ophunzitsira amayi kusikelo ya ana. Anali aang'ono ngati tsamba la kope, nkhope ya munthu inkakwana pa chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo akabwera nawo kuchokera kosindikiza, inki inali yotuwa. Palibe ankazindikira kanthu. Ankanditenga pagalimoto mpaka pomwe msewu wathera, kwinako wapansi, kukwera ndi kutsika zitunda za kwa Kanduku kuti ndikaone zitsime ndi zimbudzi mmene zilili. Penti inabwera kamodzi, itatha basi. Wakuda ndinkapala mwaye wa koloboyi, wofiira ndinkasungunula katondo. Bulashi itasosoka ndinameta ubweya wa kumchira kwa mbuzi ya apongozi anga nkumangirira pakamtengo, mbuziyo inandida mpaka kufa kwake. Labala anali mmodzi yekha, iwe Tadala nkundidyera theka, ine kulira kuti wamezayo akupha, bambo anu kulira kuti ndikauza chiyani bwana.

Kagwiridwe kake kanali kotere. A Chabwera ankabwera Lolemba ndi mndandanda nkumawerenga. "Nambala 4, bambo akuthamangira kutchire atagwira buluku. Nambala 7, mwana wotupa mimba. Nambala 9, mayi akugawa chakudya osasamba m'manja." Mawu apansi pa chithunzi ankalembedwa ku Blantyre, ine sindinkawaona mpaka khadi litabwera. Kamodzi ndinafunsa kuti pansi padzalembedwa chiyani, iwo anati, "Zimenezo n'za akuluakulu, mayi. Inu jambulani." Sindinafunsenso.

Pamsewu paja ndinali ndi mnzanga, Felesiya. Anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anzake atabwerera kwawo iye anatsala, chifukwa anali atakwatiwa ndi a Diveliyasi a kwa Nthache, komanso kwawoko kunalibe amene anatsala ndi moyo. Anali wamtali, woonda chibadwire, wa mpata m'mano, mphini zitatu patsaya lililonse. Dzinja ankagulitsa mango, nyengo yozizira manachesi. Ankanditchula kuti mana, kwawo ndiko kunena mchemwali. Ndikakwera pamakwerero kupenta chikwangwani ndiye ankakubereka iwe Tadala kutsogolo, kumbuyo ali ndi wake Rozina, amene ankayamwabe. Anandiphunzitsanso kuluka tizikwama ta mlaza.

Sabata ina mndandanda unati, "Nambala 11, mayi atakhala pamkeka, wotopa, mutu uli padzanja." Ndinaganiza kuti ndi za ntchito zambiri za amayi. Masana ake Felesiya anafika atasenza dengu la mango kuchokera kumapiri, nkulitula, nkukhala pamkeka wanga chimodzimodzi mmene mndandanda unanenera. Ndinangotulutsa pensulo.

"Mana, ukundijambula eti?" anatero osatembenuka. "Ndiye mphunoyi undichepetsereko."

Tinaseka. Mphuno sindinachepetse. Ndinaika zonse, mpata wa m'mano, mphini, ngakhale kachipsera ka pachikope. Chinali chithunzi chabwino kuposa zonse zimene ndinajambulapo, a Chabwera anachiyang'ana nthawi yaitali nkunena kuti ichi chokha akuluakulu achikonda.

Juni, manachesi atapsa

Ndinadwala malungo masabata awiri, osapita pamsewu. Nditachira ndinatenga madoilo anga mmawa, iwe Tadala kumbuyo, ulendo wa kumalire. Ndili chapatali ndinaona anthu ataunjikana pakhoma la golosale ina, pomwe madalaivala a mathiraki ankadikira mapepala awo. Ndinkati mwina wagwidwa wakuba. Nditayandikira ndinaona nkhope. Mayo ine! Si kakhadi ayi, chipepala chachikulu ngati chitseko, inki yakuda bii, mphini iliyonse yaitali ngati chala changa. Felesiya yense, akuyang'ana msewu wonse. Pansi pake zilembo zofiira, ndinaziwerenga kamodzi, kawiri, katatu, ndikuyembekeza kuti zisintha: MAYI UYU ALI NDI EDZI. DZITETEZENI.

Ndinatembenuka, china chili pamtengo wa magetsi, china pa depoti, china pachitseko cha kometera. Kulikonse kumene ndayang'ana, Felesiya. Ndiye pansi penipeni pa chipepala cha pagolosale paja, atavala duku lake la kutchalitchi, dengu la manachesi lili lodzaza mmene anabwerera nalo, anakhala mwini wake. Kuwerenga sankadziwa.

"Mana!" anakuwa akundikodola. "Bwera udzaone! Wandikweza pakhoma ngati wandale! Koma mphuno ija sunachepetse, mfiti iwe."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwina, koyang'ana pansi. Dalaivala wina anafika, nkutola nachesi, nkukweza maso pakhoma, nkuwatsitsa pa iye, nkubweza nachesiyo pang'onopang'ono nkudzipukuta dzanja pabuluku. "Ayi mayi, ine moyo ndikuufunabe," anatero, nkumapita.

"Anthuwa atani lero?" Felesiya anandigwira chitenje. "Chiyambire dzulo palibe wagula. Tandiwerengera, mana, alemba chiyani pamenepa? Ndikafunsa akungoseka."

Ndinayang'ana zilembo, ndinayang'ana Rozina akuyamwa, ndinayang'ana anthu akundiyang'ana.

"Alemba kuti... alemba kuti amayi azipumako."

"Eya, anena zoona," anatero akugwedeza mutu.

Ndinazungulira kuseri kwa golosale nkusanza. Madoilo ndinawaiwala pomwepo, sindikudziwa anatola ndani.

Sabata yotsatira

Inu a masiku ano simungamvetse. Tsopano anthu amamwa mankhwala nkumalima, nkumakalamba. Nthawi imeneyo mawu amene aja anali ngati akufotsera uli moyo. Mayi wina wa kutchalitchi ndiye anamuwerengera Felesiya zoona. Mbiri inafika kwa Nthache iye asanafike. A Diveliyasi anamutulutsa m'nyumba nkumuika m'khitchini, mbale yake, kapu yake. Apongozi ake, a Nachisale, anamulanda Rozina kubere nkunena kuti mwezi ukatha amuperekeza mpaka pamalire, azipita kwawo, mwana atsala. Iye analumbira kuti anamujambula ndi amake Tadala, anzake a pamsewu, atatopa ndi dengu la mango. Anthu anati, "Uja wojambula mbuzi? Chipepala cha makina chimene chija? Achipatala anakuyeza magazi uli ndi pakati, ndiye akutichenjeza. Boma silijambula munthu popanda chifukwa." Palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzandifunsa, ndipo ine ndinadzitsekera m'nyumba, aliyense akadutsa panjira ndikusuzumira pazenera.

"Amake Tadala, khalani chete," anatero bambo anu. "Mukayankhula nkhaniyi itembenukira inu. Adzati mumajambula anthu kuti muziwalodza. Tili ndi mwana ife."

Ndinapita kuboma kwa a Chabwera. Ndinalankhula mosapumira, iwo akuti khalani pansi mayi, ine osakhala.

"Zasindikizidwa kale, zapita maboma ambiri," anatero. "Komanso dzina lake palibepo."

"Bwana, kwathu kuno nkhope ndiyo dzina."

Anandiyang'ana, kenaka anavula magalasi. "Mukuti munthuyo alipo? Nanga enawo? Wa kutchire uja? Wosasamba m'manja uja?"

"Onse alipo, bwana."

"Onse?"

"Onse."

Anagwira mutu ndi manja awiri. Sanali munthu woipa ayi, anali ndi mantha ngati ine. Anati zipepala za pamalire akazichotsa mwakachetechete, koma kukaima pagulu nkunena kuti bungwe lalakwitsa, zimenezo akuluakulu sangalole. Anatsegula kabati nkundionetsa kalata. Dzina langa linali litapita ku Blantyre kuti ndikaphunzire kujambula, ndikabwerako ntchito yokhazikika. "Mukatsegula pakamwa, mayi, ine sindingakutetezeni. Pitani mukaganize."

Zipepala anachotsadi, koma zinangoipiratu. Anthu anati boma laona kuti uthenga wafika.

Kunatsala masiku anayi kuti mwezi uthe pamene ndinapita kwa Nthache, masana dzuwa lili pamutu, kudzera m'munda wa chinangwa kuti asandione. Ndinamupeza kuseri kwa khitchini atagwada, akufinyira mkaka pansi chifukwa mabere anali atatupa. Kunyumba yaikulu Rozina akulira, mawu atasasa. Iwe Tadala utamuona unatambasula manja kuti akunyamule, iye nkubisa manja ake kumbuyo. Sanandikalipire. Bola akanandimenya.

"Mana," anatero, "unati alemba kuti amayi azipumako. Ndikupumatu tsopano."

Lachinayi la sikelo, kwa Nthache

Sikelo inkapachikidwa pa nthambi ya mango, amayi atakhala pansi mbali zonse, mlangizi wa zaumoyo akuitana mayina. Ndinadziwa kuti a Nachisale abwera ndi Rozina, ndipo anabweradi. Ine ndinatenga kope langa lojambulamo, makadi onse, ndi khala limodzi la pambaula. Bambo anu anandiperekeza mpaka pamphambano, kenaka anati, "Mukaona zavuta, mwanayo mumuike kutsogolo, muthamange." Amayi atatha kuimba nyimbo yotsegulira ndinaimirira.

"Amayi anzanga, chipepala chija ndinajambula ndine. Felesiya sanayezedwe ndi aliyense. Anali atatopa ndi mango."

Kenaka a Nachisale anaseka. "Wakupatsa chiyani mnzakoyo kuti udzanamize anthu? Iwe wa Sitandade 7 ungajambule cha boma?"

Ndinapita pakhoma la kalasi imene inali pafupi, ndi khala langa. Sindinawayang'anenso, ndinali nawo kale m'mutu chiyambire tsiku la ukwati wa mwana wawo. Chipumi, diso lamanzere locheperapo, njerewere ya pachibwano, mlomo wokwezeka ngati wanunkhidwa kanthu. Ndisanamalize khutu, mtsikana wina anakuwa, "Ndi a Nachisale!" Amayi anadzuka kuthamangira kukhoma, ena kugwira pakamwa, ena kubwerera m'mbuyo ngati aona njoka.

"Fufuta! Fufuta msanga!" anakuwa a Nachisale akudziphimba nkhope ndi mpango.

"Ndifufuta, amayi. Koma taonani kaye ichi." Ndinatulutsa khadi nambala 4, pambali pake nkutsegula kope pomwe ndinajambula nkhope yomweyo yaikulu. "Makadi awa mwakhala mukuphunzira nawo miyezi yonseyi. Bambo uyu wothamangira kutchire atagwira buluku, tamuyang'anitsitsani."

Khadi linayenda m'manja. Wina anati, "Ii!" Wina anagwa chagada ndi phwete. "A Diveliyasi! Ndi makutu omwe!"

"Nanga a Diveliyasi alibe chimbudzi?" ndinafunsa.

"Mwana wanga ali ndi chimbudzi cha chitseko!" anakalipa a Nachisale. "Anthu onse akudziwa!"

"Ndiye boma lanama?"

Ndinatulutsa nambala 9, mayi wosasamba m'manja, anali mkazi wa mkulu wa mpingo, amene anali pomwepo ndipo ankadziwika mudzi wonse kuti amatsuka ndi mbale zotsuka kale. Ndinatulutsa wa chitsime chauve, wa ntchentche, wa mowa. Aliyense ankaseka mpaka khadi la mbale wake litafika. Kuseka kunayamba kuchepa, kung'ung'udza kukukula. Chomaliza ndinatulutsa nambala 7, mwana wotupa mimba, nthiti zili panja.

"Uyu ndi wanga," ndinatero. "Ndi Tadala uyu. Mlangizi, muikeni pasikelo aone."

Anakuika. Unkalendewera pamenepo wonenepa, ukumenya miyendo, ukuseka. Amayi anayang'ana khadi, anayang'ana iwe. Mayi wina wachikulire anati, "Ndi mwana wako yemwe? Mayi iwe ulibe mantha?" Ndinali nawo, ana anga. Kuyambira tsiku limenelo ukangotsokomola ndinkakukweza malaya kuona mimba.

"Ndiye wakhala ukutiba nkhope tonsefe?" anatero mkazi wa mkulu wa mpingo. "Tikukupatsa moni, iwe ukutiba?"

"Inde, amayi. Sindinkadziwa kuti ndi kuba. Ndalakwa."

Sanandimenye. Mlangizi anaima pakati, ine nkufufuta khoma ndi chitenje changa. A Nachisale ananyamuka osayezetsa mwana. Ndinawatsatira chapatali, ndinawaona akulowa pabwalo pawo, nkuima pakhomo pa khitchini, nkumasula Rozina kumbuyo, nkumupereka mkati. Kulira kuja kunaleka.

Zaka zotsatira

Kalata ya ku Blantyre sinabwerenso. Inabwera ina, yonena kuti ntchito yanga yatha. Miyezi yambiri amayi akakumana nane panjira ankakoka chitenje kuphimba nkhope, ena kutembenuza ana. Wometa uja anapaka penti pa mitu yonse. Ndinabwerera ku mbuzi, makapu ndi madoilo, ndipo ndi madoilo amenewo ndinakugulira iwe Yohane matewera. Felesiya sanapite ku Mozambique, anabwerera m'nyumba, koma pamalire sanagulitsenso, ndipo ena anapitiriza kunong'ona mpaka ataona kuti zaka zikupita iye osagwa. Kwa ine sankayankhula. Tikakumana kuchigayo ankayang'ana kumbali. Patapita nthawi mng'ono wanga weniweni anadwaladi matendawo. Ndikumusambitsa ndinazindikira kuti tsiku lija pasikelo ndinangonena kuti Felesiya sakudwala, sindinanene kuti ngakhale akanadwala, khitchini si malo ogonekamo munthu. Zimenezo sindinkazidziwa, ndipo zimandiwawabe.

Iwe Yohane utayamba sukulu, a Chabwera anabwera okha panjinga yamoto, imvi zitayamba, atasamukira ku bungwe lina. Anafuna wojambula. Ndinati ndivomera pa zinthu ziwiri: mawu apansi ndiziwawerenga ndisanagwire pensulo, ndipo nkhope ndizipempha kwa eni ake. Anavomera. Ndinagwira nawo mpaka kupuma kwanga. Za mayi wosangalala, za mlimi wokolola, anthu ankachita kulimbirana. Koma za wodwala palibe ankalola, ndipo ine sindinkafuna ndi kupempha komwe. Ndinagula kagalasi kodziyang'anira pamsika. Yankho la funso lanu ndi limenelo.

Chaka chatha, nyengo ya manachesi

Ndinali pakhonde ndikuluka, ndinangoona nkhalamba yaitali ikulowa pabwalo ndi ndodo, kathumba ka manachesi kali m'manja. Mano a mpata aja anatha, koma mphini zinalipo. Sanapereke moni. Anakhala pamkeka wanga, nkuika mutu padzanja.

"Zidzukulu zanga zili ku Joni, zikufuna chithunzi," anatero. "Rozina akuti andijambule pafoni, ine ndakana. Dzanja likugwirabe?"

"Likunjenjemera, Felesiya."

"Linjenjemere. Mwina mphuno ichepa."

Ndinajambula misozi ikugwera papepala, iye akundikalipira kuti ndikumunyowetsa. Ndicho chithunzi changa chomaliza. Nditamaliza anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anagogoda ndi chala pansi pake, pomwe panali poyera.

"Apa ulembe wekha, ine ndikuona. Ulembe kuti: Felesiya, wogulitsa manachesi. Anangotopa."

Ndinalemba. Anaitana mtsikana amene ankadutsa ndi ndowa panjira, nkumupatsa pepalalo. "Tawerenga apa, mwanawe." Mtsikanayo anawerenga mokweza, mawu onse anayi mmene anawanenera. Felesiya anagwedeza mutu, nkupinda pepala, nkuliika m'bulauzi. Kenaka anasenda nachesi limodzi, nkuligawa pakati.

"Kwaya, mana," anatero.